Kukapereka dzuwa kwa amayi: Mchinji mpaka Kasungu

Lolemba, 14 Okutobala 2024, kwathu kupitirira pa Kamwendo

Ndikulemba nditakhala pamkeka, foni nditaiika m'kapu kuti tochi yake iwalire mbali zonse. Msana ukuchita ngati ndapalira ndime ziwiri.

Mawa ndi Tsiku la Anakubala. Chaka chino ndinati chitenje ayi, amayi ali nazo zodzadza sutukesi, amangozisungira maukwati ndi maliro. Ndawagulira magetsi a sola: panelo ya mawati 100, batire, kontilola yoteteza batire, mababu anayi ndi waya. Zonse zandidyera K310,000, ndalama yanga yonse ya chipereganyu. Wogulitsa wa mumsewu wa Malangalanga analumbira mpaka kutchula malemu agogo ake kuti panelo ndi yeniyeni. Tidzaona.

Pa depoti ya ku Lilongwe ndinafika 7 koloko, minibasi inanyamuka 11 itadutsa. Mafuta akusowa, moti dalaivala anagona pamzere. Mtengo K8,000, katundu K3,000 padera. Kondakitala amafuna kuponya batire kumbuyo pamodzi ndi matumba a shuga, ine ndinakana kwamtuwagalu. Asidi atatayikira mu shuga wa eni ake mlandu wake ndikanaulipira ndi chiyani? Ndiye batire inakhala pansi pa mapazi anga, panelo nditaikulunga m'bulangeti n'kuiimika pamaondo. Mayi wina wa khanda kumbuyo, amene anakhala pambali panga, anangoti, "Achemwali, mbali inoyi ndigwire ine." Anagwira mpaka pa Namitete osadandaula, pamene mwana wake amayamwa uku akukoka bulangeti.

Nkhani m'galimoto inali ya petulo basi. Madala ena akutsogolo, akuti anagwirako ntchito ku Dwangwa, anatiuza kuti petulo tikulimbiranayu si wakunja yense. Kuyambira 1982 amathiramo ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe akamapanga shuga. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa, "Ndiye galimotoyi ikuyendera kachasu eti madala? N'chifukwa chake ikudzandira!" Tinaseka mpaka dalaivala yemwe.

Kuchoka pa Njewa kufika pa Msundwe ndimawerenga njinga za makala zolowera ku tauni. Ndinasokonezeka nditadutsa makumi atatu. Matumba atatu, ena anayi, munthu akukankha pamtunda thukuta lili chuchuchu. Kumanzere, kutali, mapiri a Dzalanyama amangooneka chizimezime mu utsi wa lupsa. Kumeneko n'kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, madzi amene timatunga pampopi, ndipo mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali kuti akalondere mitengo. Ndimawerenga njingazo ngati sindikuwadziwa wogula. Wogula ndine.

Pa Kamwendo ndinadya tchipisi cha pachiwaya cha K1,500, mafuta ake akuda ngati a injini. Wakabaza anamanga batire ndi malamba a chubu, panelo ndinaikumbatira ngati mwana wodwala. K4,000. Mphepo ikaomba panelo imafuna kutiulutsa tonse awiri. Ndinapemphera njira yonse, sindinama.

Lachiwiri, 15 Okutobala, kumudzi

Ntchito inagwiridwa ndi mnyamata wa pamudzi pompano amene zamagetsi anaphunzira poonerera anzake. Ndimamukayikira, koma anandichititsa manyazi. Ine ndimati panelo ingogona padenga paliponse, iye anati iyang'ane kumpoto chopendekeka pang'ono, chifukwa kuno miyezi yozizira dzuwa limadutsira kumpoto, komanso kuti mvula izitsuka fumbi yokha. Anauza mdzukulu wa amayi, wa Fomu 2, kuti Loweruka lililonse azikwera ndi kansanza konyowa. Akuti panelo yafumbi ili ngati munthu wa ng'ala.

Pofuna mtengo wokwerera ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo n'kumene ndinapeza manda a mabatire. Awiri ang'onoang'ono a njinga yamoto, ina yaikulu ya galimoto imene malemu bambo ankamverera wailesi, ndi ina yong'aluka pakati, zamkati zili mbee. Pamene inatayikira asidi udzu sumera. Nkhuku zimapalasa pomwepo. Mwana wina wa achimwene anandionetsa monyadira timipira ta mtovu timene amasungunula m'chitini cha sapato n'kumaponyera pa legeni. Thupi langa linachita tsembwe. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo pang'onopang'ono, mwana n'kumavutika m'kalasi anthu n'kumati ndi waulesi. Ndipo ukalowa m'dothi suola ngati mapesi, umakhala momwemo.

Mnyamata uja anati mabatire a mudzi uno amafa msanga chifukwa anthu amalumikiza panelo ku batire mwachindunji, opanda kontilola, kenako usiku amaikama mpaka itauma. Batire ya mtundu umenewu siifuna kutsika kupitirira theka. Ukaizunza, chaka sichitha. Ndiye munthu amagula ina, yakaleyo kuseri kwa nkhokwe. Mabatire a tochi nawo amathera m'chimbudzi.

Ndinakalipa, mwina mopitirira. Amayi anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa, "Nanga amake Tadala, mumati titaye kuti?" Ndinangoti yaikuluyo ndinyamula pobwerera. Yong'alukayo tinaiika m'thumba la feteleza pamodzi ndi dothi lake, n'kuipachika pamwamba kumene ana safika.

Madzulo tinayatsa. Ana anakuwa ngati Flames yagoletsa, azakhali analuluta. Amayi anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anati, "Kodi nyumba yangayi ndi yakuda chonchi?" Mwaye ndi akangaude a zaka ndi zaka, zimene koloboyi ndi tochi zinkabisa. Anatenga tsache usiku womwewo.

Tili pa chakudya anafunsa funso limene ndimaliopa. "Dzuwa lanuli lingaphike nsima?" Silingathe. Mbale imodzi ya hotipuleti imafuna mawati 1,000 kapena kuposa, ndiye pangafunike mapanelo khumi ngati amenewa, dzuwa lili paliwombo, ndi mabatire amene ine sindingawakwanitse. Chimene ndabweretsa ndi cha mababu, foni ndi wailesi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, 11 zokha ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengero chinali chotsikiratu. Lero timasola tafalikira, madenga a udzu omwe ali ndi kapanelo pamwamba, koma pophika palibe chasintha. Mafuwa atatu omwe aja.

Ndipo nkhuni zake si nkhuni. Lero nsima yapsa ndi zitsononkho ndi mapesi, utsi wake wofinya m'maso. Nkhalango ya masuku imene tinkatolako bowa tili ana ndi minda ya soya tsopano. Chitetezo mbaula chimene amayi analandira zaka zapitazo ndachipeza pakona ya khitchini, nkhuku ikufungatiramo mazira. Akuti mphika wa thobwa sukhalapo bwino, komanso mwezi wa Juni sichiothetsa. Koma alamu anga nyumba yachiwiri amachigwiritsa tsiku ndi tsiku, ndipo mtolo umene kale unkatha masiku awiri umawafikitsa anayi. Ndaona ngati vuto si mbaula, ndi amayi. Sindinawauze, lero ndi tsiku lawo.

Lachitatu, 16 Okutobala, ku Sitolo ndi kubwerako

Ndinkangomva pa wailesi za mudzi wa Sitolo, kwa T/A Mlonyeni, woti uli ndi magetsi akeake a dzuwa. Ndinati poti ndafika ku Mchinji ndikadzionere. Minibasi mpaka pa boma, kenako kabaza wa njinga yamoto, K7,000 kupita ndi kubwera titanenerera kwambiri. Petulo wake anagula wa m'botolo, mtengo wowirikiza.

Tili m'njira ya fumbi tinakumana ndi gule. Zilombo ziwiri, matope thupi lonse, zikwanje m'manja, ana akuthamanga pambuyo. Wakabaza anazimitsa njinga n'kundinong'oneza, "Anti, tsikani, mukhale pansi." Ine mayi wa ana atatu, wamvano wa mpingo, ndinanjuta pambali pa msewu miyendo ili njenjenje monga ndinkachitira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinaponya K500 pansi. Chimodzi chinavina pang'ono, fumbi koboo, chinatola n'kupitirira. Wakabaza anandiseka mpaka tinafika.

Malo ake si aakulu monga ndimaganizira. Mizere ya mapanelo mkati mwa mpanda, mabatire m'chipinda chake, ndi mapolo a waya olowera m'mudzi ngati ku tauni. Mphamvu yake ndi makilowati 80. Anamanga a Community Energy Malawi mothandizidwa ndi UNDP, magetsi anayaka mu 2019, ndipo waya anafikanso m'midzi ya Ndawambe ndi Molosiyo. Anthu amagula mayunitsi. Ndinamwa Fanta wozizira mpaka mano kuwawa, pakati pa mudzi, mu Okutobala. Pafupi mnyamata amameta mnzake ndi makina, nyimbo zikulira.

Makilowati 80 ndi kadontho. Malo a sola a ku Salima, amene anatsegulidwa mu 2021, ndi a mamegawati 60, kuwirikiza ka 750. Ku Golomoti kuli ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire aakulu osungira mphamvu. Koma malo ngati amenewo amafuna dziko lalikulu, limene kale linali minda ya anthu, ndipo mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse amene m'midzi yambiri amangodutsa pamwamba. Apa kadonthoka kakugwera pamene pali ludzu.

Ndili pamthunzi ndinakumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira. Mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti abwerere. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: Nkula imene inayamba mu 1966, Tedzani, Kapichira. Amati ndi magetsi aukhondo, opanda utsi, ndipo n'zoona. Koma mapiri akametedwa, dothi limakokoloka n'kukadzadza madamu, namasupuni naye n'kumatseka makina. Magetsi akazima ife a m'tauni timathamangira makala, owotcha makala n'kukadulanso mitengo ina. Galu wothamangitsa mchira wake.

Mayi wogulitsa Fanta uja ataona kuti ndakhalitsa anandiitanira kuseri. Nsima ya mgaiwa, nkhwani zotendera ndi usipa pang'ono. Ndalama anakana, anati mlendo sagula nsima. Khitchini yake ili ndi babu lolendewera kudenga, ndipo pansi pa babulo pali mafuwa atatu ndi chikuni chikufuka.

Lachinayi, 17 Okutobala, msewu wa Kapiri

Tsiku lotopetsa, ndilemba pang'ono. Ndinatsanzikana ndi amayi, anandipatsa mtedza ndi nkhuku yamoyo imene ndinaikana mpaka anakwiya. Batire ya malemu bambo ili m'thumba la saka, ikulemera ngati mwana wa sitandade 1.

Kuchoka pa Kamwendo kulowera ku Kasungu ndinakwera kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri, ife tinalimo khumi ndi awiri. Titapitirira Kapiri mafuta anatha. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango maola atatu kudikira mnyamata amene anapita ndi chigubu pa kabaza. Atsikana ena anatigulitsa mango osapsa ndi mchere wa tsabola, K100 atatu.

Kumunsi kwa msewu, m'dambo, bambo wina amathirira tomato ndi kapampu ka sola. Kopanda phokoso, kopanda utsi, madzi akungotuluka mupaipi. Ndinasirira. Iye anati pampu ndi yabwino, koma anzake anayi agulanso zawo, ndipo chitsime chimene chinkafika Disembala chaka chino achikumba kale kawiri. Dzuwa silitopa, ndiye palibe amene amazimitsa.

Ndafika kwa amalume kufupi ndi Santhe mdima utagwa, mutu ukugunda.

Lachisanu, 18 Okutobala, kwa amalume

Amalume alima fodya kuyambira nthawi ya Kamuzu. M'mawa ananditengera ku nazale, kenako kukaona mabani awo awiri a njerwa owotchera fodya wa flue-cured. Wa bale amangouma ndi mphepo m'zigafa, ngakhale zigafazo zimadya mitengo yomangira. Koma uyu amafuna moto usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu pa bani imodzi. Mulu wa nkhuni wayamba kale kuunjikidwa, pamene fodya sanaokedwe n'komwe. Kale ankadula kuseri kwa nyumba. Tsopano amachita hayala ngolo kupita kutali, ndipo akuti mtengo wa nkhuni umawadyera phindu asanafike ku okushoni ya pa Chinkhoma.

Anabzala bulugamu, mizere yowongoka bwino m'mphepete mwa dambo. Amakula msanga, ukadula amaphukiranso. Koma azakhali, akazi awo, anandikokera pambali n'kundilozera pamene panali kasupe. Bulugamu amamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kudambo louma. Amalume atamva anangoti, "Mphwanga, walira mvula walira matope. Ndikadule yachilengedwe mundimange, ndibzale yanga mukuti ndaumitsa dambo. Ana asukulu fizi ndilipire ndi chiyani?" Sindinawayankhe. Fizi yanga ya Fomu 3 inachokera m'mabani omwewa.

Masana anandiperekeza kwa mnansi wawo amene ali ndi ng'ombe zisanu ndi chinthu chimene mudzi wonse umachitcha "chimbudzi cha ng'ombe". Ndi dzenje lomangidwa ndi simenti, lotsekedwa pamwamba. M'mawa uliwonse amasakaniza ndowe ndi madzi n'kuthiramo, ndowe ikamaola imatulutsa gasi amene amayenda m'kapaipi mpaka m'khitchini. Mayi a pakhomopo anatsegula, anayatsa machesi, moto wabuluu uli phee, wopanda utsi ndi pang'ono pomwe. Anatiphikira tiyi ine ndikuonerera ngati mwana. Ndinanunkhiza kapu mobisa. Palibe fungo. Zotsalira zimatuluka mbali ina n'kupita kudimba ngati manyowa, ndipo mpiru wake masamba ngati makutu a njovu. Aka n'koyamba ulendo wonse kuona mphika uli pamoto popanda utsi, popanda mtengo kufa.

Koma zidebe za madzi zimene dzenjelo limamwa tsiku lililonse amatunga ndi mtsikana wawo, pa mjigo wa mtunda ndithu. Ndipo amene alibe ng'ombe alibe ndowe. Amalume anagulitsa zawo chaka cha njala.

Pobwerera tinadutsa pa mulu wa makoko a mtedza ukufuka pambali pa njira, wina wangouyatsa kuti uchoke. Mchinji ndi Kasungu mtedza ndiye kwawo, ndipo makoko omwewa ena amawapsinja n'kupanga timakala tophikira. Ndinatchula zimenezi, amalume anati anaonapo pa chionetsero cha zaulimi, koma pamsika wa pa Santhe sanatipezepo.

Usiku tinadya panja, nsima ndi nkhuku ya chikuda imene azakhali anandiphera. Kumadzulo, cha ku nkhalango ya Kasungu, moto wolusa umaoneka ngati mkanda wofiira. Amalume anati ngakhale njovu zija anabweretsa kuchokera ku Liwonde mu 2022 zimatchingidwa ndi waya wa magetsi a dzuwa. "Njovu zili ndi sola, ine ndilibe." Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezo. Ndamva, amalume. Chipereganyu chikubwerachi.

Loweruka, 19 Okutobala, Kasungu boma mpaka Lilongwe

Ndinalawirira kuti ndikafike pa boma ndisanatenthedwe. Kuseri kwa msika ndinapeza ogula zitsulo zakutha. Mnyamata wake anaika batire pa sikelo n'kunena K9,000. Ndinamufunsa kuti asidi wa mkatimo amatani naye. Analoza ngalande ndi chibwano. M'ngalandemo munali ana awiri akutola mabotolo. Anati mtovuwo amagulitsa kwa ena amene amapita nawo kutali, iye zambiri sizimukhudza. Anakweza kufika K10,000 poganiza kuti ndikunenerera.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, dzuwa likundiotcha pakhosi. K10,000 ndi thiransipoti yonse yobwerera. Ndinanyamulanso saka langa. Anandiyang'ana ngati wamisala, ndipo mwina sanalakwitse, chifukwa kondakitala wa basi ya ku Lilongwe anandilipiritsa K1,500 ya katundu. Lolemba ndikafunsa kumene ndinagula yatsopano ija ngati amalandira zakutha.

Titadutsa Madisi kumwamba kunada, kenako madontho akuluakulu pa galasi, fungo la dothi lonyowa linalowa m'basi monse. Chizimalupsa. Sinathe mphindi khumi, koma anthu anayamba kukamba za mbewu ndi makuponi ngati dzinja lafika.

Amayi anaimba foni tili pa Mponela, foni yotchajidwa kunyumba kwawo koyamba. Akuti anthu a mudzi wonse akubweretsa mafoni, ndiye ayamba kulipiritsa K200. Ndinawakumbutsa kuti asaikame batire mpaka kuuma. Anati, "Mwayamba liti kundiphunzitsa kusamala zinthu?" n'kudula.

Pa Lumbadzi kunabwera uthenga wa abambo a Tadala: magetsi anazima 5 koloko m'mawa, sanayakebe, ndiwo zili zosaphika. Ndinatsikira pa siteji ya kwathu batire ili pamutu, n'kuima pa mayi amene amagulitsa pakona. Kajumbo ka makala kakwera, tsopano ndi K1,200. Ndinagula tiwiri.